Katemera wa Agalu a ku Chifubu

Nicodemus anaima pageti chipewa chili m'manja, kudikira kuti nyimbo ithe. Anthu anali atangobwera kumene kuchokera kumanda, nsapato zawo zili psuu ndi fumbi. Azibambo anakhala panja pansi pa lona yomwe anaimanga pakati pa nyumba ndi mtengo wa mapeyala. M'nyumbamo azimayi a Chigwirizano anazungulira Salome, mkazi wa malemu Jairus Shawa, akuimba chapansipansi, mawu atasasa kale.

Damaris, mwana wamkazi wa malemuwo, anamuona pazenera. Anatuluka mozemba n'kukakumana naye kuseri kwa mpanda.

"Pepa mwanangu, ndikudziwa kuti si tsiku lake," anatero Nicodemus. Anali munthu wachikulire, manja ake odzaza zipsera za mano a agalu, ndipo anagwira ntchito ndi atate a Damaris kuyambira nthawi ya azungu. "Koma mawa ndi Loweruka. Kumanda konse kuja anthu amangondikoka jekete. Ndiwayankhe chiyani?"

"Katemera ali bwanji?"

"Ali m'firiji. Bokosi silinasweke ai, inapindika ndi njinga yokha. Apolisi anatibweretsera bokosilo ayezi wake asanasungunuke."

Damaris anagwira waya wa mpandawo.

Jairus Shawa anali mkulu wa kachipatala ka ziweto kamene kankayendetsedwa ndi bungwe lachifundo, kumbuyo kwa mafakitale a mu Ndola. Kale kachipatalako kankasamala agalu ndi amphaka a azungu okha. Jairus, ngakhale anali ndi setifiketi yake ya za ziweto, ankalowera khomo lakumbuyo n'kumatsuka makola. Dziko litalandira ufulu, azungu ambiri a mukomiti anamanga katundu, ndipo otsalawo anamupatsa iyeyo makiyi. Sabata yomweyo anazula chikwangwani cha pakhomo lakumbuyo, natsitsa mtengo wa jakisoni mpaka kufanana ndi wa mabanzi awiri. Anthu a ku Chifubu ndi ku Kawama poyamba ankaseka, ati galu nayenso apite kuchipatala? Koma alonda a m'mafakitale anayamba kubwera, kenako amayi a pamsika amene agalu awo ankawalondera nkhuku, mpaka benchi ya pakhonde inayamba kuchepa. Gulu lake linali la anthu ochepa: Nicodemus wogwira agalu, Febby wophika singano ndi kusamala mankhwala, ndi Damaris, amene atate ake anamutumiza kukaphunzira mpaka nayenso anabwera ndi setifiketi.

Mwezi wapitawo galu wachiwewe analuma ana awiri ku Kawama, ndipo mmodzi anamwalira. Boma linalamula kuti kuyambira Lolemba likubweralo galu aliyense wopanda kachitsulo ka katemera m'khosi adzawomberedwa. Jairus anayenda ofesi ndi ofesi mpaka anapeza katemera wokwanira, nalengeza m'misika ndi m'matchalitchi kuti Loweruka adzabaya agalu onse pabwalo la mpira ku Chifubu. Lachitatu, akuchokera kokatenga bokosi lomaliza panjinga yake, lole yonyamula migolo ya mafuta inamugunda pamphambano.

"Inu ndi Febby simungabaye?" anafunsa Damaris, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Aboma anati wobaya akhale wa setifiketi, apo ayi zitsulo zija sizigwira ntchito. Dokotala wachizungu amene amatithandiza uja ali kutchuthi kwawo. Watsala iwe."

"Kodi mukunong'onezana chiyani kuseri kuno?"

Anali Absalom, mkulu wake wa malemu, amene anabwera pa basi kuchokera kumudzi kufupi ndi Chipata. Anali wamtali, mkulu wa mpingo, ndipo anthu ankasuntha akamadutsa ngakhale asanawapemphe. Nicodemus anawerama n'kufotokoza zonse. Absalom anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Tiyeni m'nyumba. Nkhani za banja sizikambidwa pampanda."

Azimayi a Chigwirizano anatuluka kuti apereke malo. Anatsala Salome pamphasa atatsamira khoma, Damaris pambali pake, Absalom pampando, ndi Shadreck, mlongo wake wamkulu wa Damaris, amene ankagwira ntchito muofesi ya mgodi wa mkuwa ku Kitwe.

"Mlamu," anayamba Absalom, "ine ndayenda ulendo wautali kudzaika mng'ono wanga. Mawa m'mawa tisesa phulusa la maliro, timeta, ndipo tikhala pansi kukambirana za nyumba ino ndi za inuyo. Ndiye mwana wamkazi wa malemu akakhale pabwalo la mpira akulimbana ndi agalu a eni ake? Dothi la pamanda lisanaume n'komwe? Kumudzi ndikanena kuti chiyani?"

"Atate aakulu, anthu anauzidwa kale," anatero Damaris, maso ali pansi. "Lolemba mfuti ziyamba kulira."

"Zilire. Ndi agalu."

"Ine ndinawauza atate chaka chatha kuti asiye ntchito imeneyi," analowerera Shadreck. "Nyumba imene a mgodi anandipatsa ku Kitwe ndi yaikulu, magetsi, madzi m'nyumba momwemo. Mkuwa ukuyenda, aliyense akukwera. Anzawo amene anaphunzira nawo ali m'maofesi a boma, amawatsegulira chitseko cha galimoto. Iwo n'kumapalasa njinga pakati pa malole, bokosi la mankhwala a agalu kumbuyo." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Akanandimvera bwenzi ali moyo. Amayi ndiwatenga. Iwenso Damaris ndikupezera malo kuchipatala cha mgodi, uzikasamala anthu."

"Achimwene, mwana wa ku Kawama uja sanali munthu?"

"Usandiyankhe choncho lero."

Panja wina ankawaza nkhuni. Salome anakonza duku lake, nalankhula koyamba chibwerere kumanda.

"Alamu, ndiloleni ndinene pang'ono. Mwana wa ku Kawama uja amake ndimapemphera nawo. Ndinapita kukamuona kuchipatala. Ankalira ludzu, koma akamubweretsera madzi ankakuwa ngati amuonetsa moto. Nditabwera ndinawauza abambo a Shadreck, ndipo tsiku limenelo sanadye. Anati, Salome, mfuti sizithetsa chiwewe. Munthu akamva kuti galu wake awomberedwa amamubisa m'nyumba, pansi pa bedi, pomwe pamagona ana. Ndiye matenda aja amachoka mumsewu n'kulowa m'nyumba. Ndiwo mawu amene ananena. Ine za mankhwala sindizidziwa."

Absalom anasisita bondo lake.

"Ndamva, mlamu. Jairus anali ndi mtima wabwino, zimenezo palibe angandiphunzitse. Koma atate athu anagulitsa ng'ombe kuti iyeyu aphunzire, akabwere adzasamale makola a kwathu. Iye anasankha agalu a m'tauni. Ndinakhala chete zaka zonsezi. Pamaliro ake pokha ndiye mundilole ndichite zinthu mwa dongosolo. Mwanayu sapita."

Anadzuka n'kutuluka, Shadreck akumutsatira.

Kutangoyamba kucha, Damaris anamva dzanja likumugwedeza paphewa. Azimayi ena anali adakali m'tulo pamphasa. Salome anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake, natulutsa makiyi a kuchipatala cha ziweto, amene anamwino anawapeza m'thumba la malemu.

"Pita," ananong'ona. "Tulukira kukhitchini."

"Nanga atate aakulu?"

"Wamasiye ndine. Adzafunsa ine."

Pofika seveni koloko, Nicodemus anali ataimika tebulo lobwereka pansi pa mtengo m'mphepete mwa bwalo, ndipo Febby anali atayatsa pulayimasi, singano zikuwira m'kapoto. Mzere unali utayamba kale. Unadutsa pagolo, n'kukhota kutsata msewu wopita kumsika. Ena anamanga agalu awo ndi chingwe cha khonje, ena ndi waya, wina ndi tcheni cha njinga. Mayi wina anasenza beseni la tiana ta galu pamutu, make wa tianato akumutsata pambuyo. Panalinso kuki wina wokalamba ndi galu waubweya wautali amene bwana wake anamusiyira pochoka m'dziko, atamupesa bwino ngati akupita ku ukwati.

Anthu atamuona Damaris atavala zakuda, chovala choyera cha kuchipatala pamwamba, phokoso linatsika. Azibambo anavula zipewa.

Galu woyamba anali wamng'ono, wakuda. Nicodemus anamugwira bwino, koma Damaris anaphonya, singano n'kugunda pakamwa pa botolo. Anaibweza m'poto, napempha ina. Nicodemus anangoyang'ana kumbali ngati sakuona. Damaris anapuma mozama, natsina chikopa cha galuyo, nabaya. Febby anamanga kachitsulo m'khosi.

"Wotsatira," anatero Damaris. Kenako anakweza mawu kuti amve onse, m'Chinyanja ndi m'Chibemba: "Siyani mpata pakati pa galu ndi galu! Ana onse akhale uko kugolo. Amene ali ndi galu wodwala asalowe pamzere, aime payekha andiitane."

Dzuwa litakwera, ntchito inali itagwira mayendedwe ake. Damaris ankabaya, n'kumaponyanso maso pamzere monga ankachitira atate ake. Ndi mmene anaonera galu wa khaki, cha pakati pa mzerewo, ataima miyendo itatangadza, chibwano chili lende, dovu likuyenderera. Chingwe chake chinali m'manja mwa mayi wina wobereka khanda, ndipo kamtsikana kake kanagwira chitenje chake.

Damaris anaika jakisoni pansi. "A Nicodemus, tengani ndodo ya khwekhwe. Pang'onopang'ono." Anayenda molunjika mayiyo, osathamanga. "Nonse amene muli pafupi bwererani m'mbuyo ndi agalu anu. Musakuwe. Amayi, musakoke chingwecho, chigwireni chomwecho."

Nicodemus anazungulira kumbuyo, nakola galuyo m'khosi. Galuyo anadzigwetsa pansi n'kuluma ndodo mpaka mano anamveka kukukuta, koma sanauwe. Anamukokera m'khola lachitsulo limene anabwera nalo pawilibala, nalitseka.

"Wayamba liti kuchita chonchi?" anafunsa Damaris.

"Dzana," anayankha mayiyo, amene dzina lake linali Dainess. "Ndimaganiza kuti fupa lamuima pakhosi. Ndinamutsekera m'nyumba kuopa a mfuti, kuti mpaka Loweruka ba Shawa adzamuone."

"Waluma munthu?"

"Ayi. Kungoti uyu dzulo amafuna kumuchotsa fupalo."

Damaris anagwada, natembenuza kadzanja ka mtsikanayo. Pachala panali kabala katsopano, kakang'ono ngati kobaya ndi minga.

"Febby, sopo ndi madzi, msanga!"

Akutsuka kadzanjako, galimoto yobiriwira ya Shadreck inaima m'mphepete mwa bwalo. Anatuluka Absalom, nkhope ili gwa, ndipo Shadreck anatsegula chitseko cha mbali yake. Anabwera kudzamutenga. Damaris sanadikire kuti alankhule.

"Achimwene, musazimitse galimoto! Mwanayu walumidwa ndi galu uyo ali m'kholayo. Muthamangire naye kuchipatala chachikulu. Mukanene kuti watumizidwa ndi a chipatala cha ziweto, galu ali ndi zizindikiro zonse za chiwewe, ayambe majakisoni lero lomwe. Akakuuzani kuti mubwere Lolemba, musachoke pakhomopo."

Shadreck anayang'ana mlongo wake, nayang'ana galu uja akukukuta zitsulo za khola, kenako kamtsikanako, kamene kankamuyang'ananso ndi maso owuma, kosadziwa kanthu. Anakanyamula yekha n'kukaika pampando wakumbuyo, Dainess nalowa akulira, galimoto n'kunyamuka fumbi lili kobo.

Absalom anatsala ataima yekha pabwalo.

"Atate aakulu, ndikamaliza ndibwera kudzamva mlandu wanga," anatero Damaris akusamba m'manja. "Koma panopa sindingachoke." Anabwerera patebulo. "Wotsatira!"

Febby anatenga mpando umodzi wokhawo umene anali nawo n'kuuika pamthunzi. Absalom anayamba waukana, koma miyendo inali itatopa ndi masiku a maliro, ndipo anakhala. Mphekesera inayenda pamzere kuti bambo wamtaliyo ndi mkulu wake wa malemu. Zitatero, munthu wotsatira amene galu wake anabayidwa sanalunjike kwawo. Anapatsira mnzake chingwe, nabwera kudzagwada patsogolo pa Absalom, chipewa pachifuwa.

"Mwalosheni mukwai," anapepesa m'Chibemba.

Absalom Chibemba sankachidziwa, koma chipepeso sichisowa womasulira. Anagwedeza mutu n'kupereka dzanja. Anabweranso wina, kenako wina, mpaka panapangika mzere wachiwiri wochokera patebulo kupita pampando wake. Ambiri anali anthu amene sanathe kufika kumanda chifukwa cha ntchito. Mayi wina wa ku Katete, wogulitsa tinsomba ta kapenta, anamuuza kuti akuba atamuthyolera galu mwendo, a Shawa anabwera kunyumba kwake Lamulungu atavala suti ya kutchalitchi n'kumanga mwendowo pakhonde. Wina wa Mboni za Yehova anati iye ndi malemu ankatsutsana za Baibulo nthawi zonse, koma mphaka wake akadwala sankapita kwina. Bambo wina wa yunifolomu ya njanji anangogwira dzanja la Absalom ndi manja awiri, n'kuchoka.

Absalom ankayankha aliyense. Pakati pa anthuwo ankaponya maso kwa Damaris, kumuona akuloza, akulamula, azibambo akuluakulu akumumvera. Nthawi ina Febby anabwera ndi kapu ya madzi, ndipo iye anamufunsa motsitsa mawu, "Kodi anthu onsewa ankamudziwa?"

"Awa ndi a ku Chifubu okha, atate," anayankha Febby. "A ku Kawama abwera masana."

Dzuwa litapendeka, mzere unali utafupika. Shadreck anali atabwerako. Ananena kuti mwana uja amubaya jakisoni woyamba ndipo adokotala ati wafika nthawi yabwino. Osapemphedwa ndi munthu, anapinda manja a malaya n'kuyamba kuthandiza Febby kumanga zitsulo.

Chakumapeto kunabwera mkulu wina wotchedwa Samson, mlonda wa nyumba yosungira katundu kumafakitale, ndi chigalu chachikulu chofiira dzina lake Kopa. Kopa atangomva fungo la mankhwala anakhazika matako pansi, ubweya wa pamsana uli njoo, akulira chapakhosi. Nicodemus anayesa kumuzungulira, galuyo anatembenuka. Anatenga ndodo ya khwekhwe, koma Samson anaimika dzanja.

"Ayi mukwai, ndodo ayi. Anamumenyapo akuba ndi chitsulo, akaona ndodo amapenga. Ameneyu ankamutha ndi ba Shawa okha." Ankalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. "Iwo sankamugwira n'komwe. Ankagwada pansi pomwepa, ngakhale pali matope, n'kumuimbira kamluzu kawo kaja. Galu n'kugona yekha."

"Kamluzu kaja tonse tinakayesa," anatero Nicodemus akupukuta thukuta. "Palibe amakatha."

"Kamamveka chonchi," anatero Samson. Anakweza milomo n'kuyesa. Kanatuluka kosweka, mphepo yambiri, koma mayendedwe ake anamveka: kukwera kawiri, kenako kutsika kotalika, konjenjemera kumapeto.

Absalom anadzuka pampando.

"Imbaninso," anatero.

Samson anabwereza. Absalom anaima chilili, akumvetsera.

"Umenewo ndi mluzu wa ku dambo la kwathu," anatero, osayang'ana munthu. "Tinkaitanira ana a ng'ombe akasochera m'bango. Ndinamuphunzitsa ndine, ali wamng'ono chonchi, mano akutsogolo atagweruka. Ankalira kuti sukutuluka." Anayang'ana galu uja. "Ndimayesa anausiya kumudzi pamodzi ndi zonse."

Absalom anapatsira Shadreck chipewa chake, nayenda pang'onopang'ono kupita kwa galuyo. Atatsala pang'ono kufika anakoka buluku m'mawondo, nagwada pafumbi, bondo limodzi kenako linzake. Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, n'kuimba mluzu uja, woyera, wautali.

Kopa anaimika makutu. Anayang'ana uku ndi uku pabwalo ngati akufuna munthu wina. Kenako ubweya wa pamsana unagona, nasendera chokwawa, nanunkhiza zala za Absalom, n'kuika chibwano chake m'chikhathomo.

"Baya, mwanangu," anatero Absalom chapansipansi, akusisita galuyo kuseri kwa khutu. "Ndamugwira."